Mizere ya Kuseri kwa Wotchi

Mwana wa mlongo wanga ndi bambo wa ndevu zake, mmisiri wa magetsi, koma likafika Loweruka amasanduka mfuko. Anagula chiwaya chomangirira ku ndodo. Iye amati ndi makina ofufuzira zitsulo m'nthaka, ine ndimati chiwaya basi, chiwaya chaulesi chosakazinga kanthu. Amachiyendetsa pamwamba pa dothi ngati akusesa, chikalira tswii, iye n'kugwada, n'kuyamba kufukula. Dzina loti Mfuko ndinam'patsa ndine, ndipo linam'kanirira ngati nkhupakupa.

Wakumba kubwalo la mpira, kuseri kwa msika, m'mbali mwa njanji. Zimene amabwera nazo musafunse: mabatani, misomali yopindika, makiyi a nyumba zoti zinagwa kalekale. Amazitsuka ndi mswachi wotha, amazijambula ndi foni, n'kutumizira anzake a pagulu lawo, azibambo enanso osowa chochita.

Malo amodzi okha ndi amene anali asanakumbepo, kuseri kwa nyumba yathu ino. Ndinamuletsa ndine. "Uboola paipi ya madzi, tidzasambira pabedi," ndinatero, iye n'kuseka, n'kumvera. Mwanayu amandimvera. Ndinamulera limodzi ndi mayi ake kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, chaka chimene bambo ake anachoka.

Nkhani ya kuchokako mwini wake ndine, chifukwa amene anamuona mlongo wanga akukwera basi ndine ndekha. Ndaifotokoza zaka makumi atatu. Poyamba inali yaifupi: anakwera basi, sanabwerere. Koma ine nkhani youma sindiitha, pakamwa pamandiyabwa. Chaka china ndinawonjezera chipewa. Chaka china kondakitala wa dzino limodzi. Tsiku limene mwana anafunsa kuti, "Nanga wotchi yawo ija anapita nayo?" ndinati, "Anapita nayo kumene. Anaiyang'ana phazi lina lili kale m'basi, n'kunena kuti, mlongo, ndachedwa." Mawu amenewo anandikomera, moti anasanduka mathero a nkhani nthawi zonse.

Wotchiyo mwana ankaifunsa pa chifukwa. Likafika tsiku lake lobadwa, bambo ake ankaivula, n'kuitembenuza, n'kukanda kamzere kamodzi kuseri kwake ndi nsonga ya msomali. "Mizere ikadzakwana makumi awiri, wotchi idzakhala yako," ankatero. Mlongo wanga anali nawo masiku ake abwino. Anali owerengeka, ngati mizereyo.

Mlamu wanga, mayi a Mfuko, anadwala sitiroko zaka ziwiri zapitazo. Mbali imodzi inafa, mawu anatha. Amakhala pampando wa matayala pakhomo la chipinda chochezera, supuni ili m'dzanja lamoyolo. Akagogoda kamodzi pachitsulo cha mpando ndiye kuti eya, kawiri ndiye kuti ayi. Ndimawanena kuti chidwalireni timagwirizana kwambiri, chifukwa sandidulanso mawu. Iwo amagogoda kawiri.

Loweruka lina ndinapita kuchipatala kukawatengera mankhwala. Mzere unali wautali, moti wina kutsogolo kwanga anachira ali chiimire n'kubwerera kwawo. Ndinafika kunyumba masana, mapazi akuyaka, ndipo ndinalowera khomo lakumaso. Mfuko anali patebulo, atawerama, akudzilankhulira.

Anali atayala pepala loyera. Papepalapo panali tinthu tinayi: msomali, supuni yopanda chogwirira, chomangira lamba, ndi kachitsulo kozungulira, kaphanthiphanthi, kokulirapo pang'ono kuposa chotsekera botolo, kakuda bii. Sindinatiyang'anitsitse. Zinyalala zake zonse zimafanana.

"Lero wafukula chuma chanji, Mfuko? Tiyambe kulongedza, tikusamukira kunyumba yosanja?"

"Musandiseke, azakhali, zandivuta. Taonani."

Anandionetsa foni. Pachithunzi choyamba kachitsulo kozungulirako kanangotuluka mbee, ngati mwezi. Pachiwiri kanali ngati dontho la phula.

"Ndikayatsa fulashi kakunyezimira, palibe chooneka. Ndikazimitsa, mdima. Ndikayandikira kwambiri, chithunzi chikutuluka mbuu. Koma ndikapititsapo chala ndikumva ngati pali tokandika."

"Mwina zokandika ndi zala zakozo."

Anachotsa pepala loyera n'kuyala nsalu yotuwa yopukutira magalasi. Anati pepala loyera limapusitsa foni, imaganiza kuti kwawala kwambiri ndiye imadetsa chinthucho. Ndinati foni yake ili ngati ine, ikaona zoyera zambiri imatsinzina. Anasanja mabuku awiri mbali iyi, awiri mbali iyo, n'kugoneka foni pamwamba ngati mlatho, diso lake likuyang'ana pansi, kuti dzanja lisamaigwedeze. Anaika rula pambali kuti anzake aone kukula kwa chinthucho. Anasindikiza chala pagalasi la foni mpaka foni inagwira kachitsuloko osakataya, kenako anatsitsa kadzuwa kakang'ono kamene kamaoneka pagalasipo. Anajambula. Chithunzi chinatuluka bwinoko, koma kachitsuloko kanali chete, kosalala ngati kalibe mbiri.

Kumbuyo kwanga supuni inalira kawiri. Inaliranso kawiri.

Ndinaganiza kuti ndi ludzu. Ndinawapatsa madzi mlamu wanga, anakankha kapu. Maso awo anali pa ine, kenako anathamangira kukhomo la khitchini, n'kubwereranso pa ine.

"Mlamu, mwayamba kusankha makapu? Mawa mufuna wa golide."

Anagogoda kawiri, mwamphamvu. Ine n'kuseka, n'kubwerera kutebulo. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuwerenga maso a mayi amenewa, koma tsiku limene anandiuza chinthu chenicheni ndinali wotanganidwa ndi kuchenjera.

Pajatu ine sindipirira kuona munthu wophunzira akuvutika ndi chinthu choti ndikuchidziwa.

"Mfuko, ine sukulu ndinaisiya tsiku limene aphunzitsi anayamba kufunsa mafunso, koma kusesa ndinakhoza. Masana pansi pamaoneka poyera, sichoncho? Koma m'mawa, dzuwa likalowera pansi pa chitseko chokwawa, kafumbi kalikonse kamaimirira ndi mthunzi wake. Ngakhale pamene padutsa nyerere pamaoneka. Iwe ukuunika chinthu pamutu ngati wapolisi. Unika m'mbali, chogona."

Anandiyang'ana kaye, pakamwa pali yasa.

"Azakhali, inu mukanapitiriza sukulu bwenzi tikukuopani."

"Ndiye panopa simundiopa?"

Anazimitsa babu la kudenga, anatseka makatani onse. Anatenga tochi yake ya kuntchito, n'kuiphimba kumaso ndi kapepala kopyapyala ka m'bokosi la nsapato, akuti kuwala kufewe. Mbali inayo anaimika envelopu yoyera kuti izibweza kuwala pang'ono, mthunzi usade kwambiri. Chipinda chinada ngati mvula ikubwera.

"Gwirani tochi. Tsitsani. Tsitsaninso, ikhudze tebulo."

Ndinaigwira ndine. Zimenezi ndimazikumbukira kwambiri, kuti dzanja linali langa.

Kuwala kunakwawa pansalu, kunakwera pakachitsuloko. Poyamba ndinaona tizigwa ta dzimbiri. Mfuko anakatembenuza pang'ono ndi nsonga ya pensulo. Pamenepo timizere tinadzuka, tating'ono, toima mondondozana ngati ana a sukulu pamzere, kalikonse ndi mthunzi wake.

Iye anali akuyang'ana pafoni. Ine ndinali kuyang'ana chinthu chenichenicho, ndipo ndinachidziwa iye asanachidziwe.

"Wazikumba kuti izi?"

"Pansi pa khola la nkhuku," anatero, osadzutsa mutu. "Lija linagwa ndi mvula. M'mawa ndachotsa matabwa ndi simenti yosweka ija. Ndikufuna kumangira amayi chipinda cha khomo lalikulu, mpando uzilowa bwino. Musadandaule, paipi palibe pamenepo, ndaona kale. Izi zinali pafupi, kungopalasa pang'ono. Gwirani bwino tochiyo."

Ndinayetsemula. Chinali chiyetsemulo chabodza, ndipo chinamveka chabodza. Tochi inaloza kudenga, mizere inazimirira.

"Pepa, mkono wakalamba. Tasiya zimenezi, ukaike madzi a tiyi. Chotsekera chitini cha polishi mpaka kuzimitsira magetsi?"

"Palibe vuto," anatero mofatsa. Anandilanda tochi, n'kuigoneka patebulo, n'kuitchinjiriza ndi bokosi la machesi kuti isagudubuke. Pafoni anasankha zoti iziwerenga yokha katatu isanajambule, munthu atachotsa manja. Anadina, n'kuika manja kumbuyo.

Ndinaganiza zogunda mwendo wa tebulo. Phazi linakana. Foni inaphethira katatu, n'kujambula.

Anaitenga, anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri. Kachitsulo kaja kanadzaza galasi lonse. Mizere inali ngati mipanda. Anayamba kuwerenga mokweza, ngati munthu amene sakudziwa chimene akuwerenga.

"Umodzi. Iwiri. Itatu. Inayi."

Pa wachisanu mawu anatsika. Wachisanu ndi chimodzi sanautchule. Chala chake chinangoima pamenepo, kenako chinapita kutsogolo pang'ono, pamalo osalala pamene pakanakhala wachisanu ndi chiwiri.

"Nkhuku zanga zinali zophunzira," ndinatero. "Zinkalemba mazira."

Sanaseke. Mwanayu wakhala akuseka nthabwala zanga kuyambira ali wopanda mano akumaso, ngakhale zosakoma, pondichitira ulemu.

"Ichi ndi chivundikiro cha kuseri kwa wotchi, azakhali."

"Mawotchi ndi ambiri padziko."

"Okanda ndi msomali? Wachitatuwu ndi wokhota. Ndinawagunda chigongono ndine, anandikalipira."

"Ndiye kuti chinagwa. Zinthu zimagwa. Ine mano anandigwa, sindinaitane apolisi."

"Wotchi yopanda chivundikiro siyenda."

"Bambo ako naye sankayenda bwino."

"Munati anaiyang'ana phazi lili m'basi."

Ndinakhala pansi. Nkhani ija ndinaikometsa ndekha, palibe anandituma. Ndikanangoti sindinaone za wotchi, lero bwenzi tikuti inagwa pabwalo, nkhani n'kutha. Koma ine ndinafuna mathero okoma.

Mfuko anakankhira chivundikiro pambali ndi pensulo, n'kukokera chomangira lamba chija pakati pa nsalu. Kuwala kunachigwira m'mbali. Chinali chamakona anayi, kona imodzi yophwanyika.

"Ichi ndachizindikira m'mawa," anatero. "Ndinadziuza kuti malamba ndi ambiri. Koma kona iyi ndimaidziwa. Ili pamsana panga."

Nthabwala inabwera yokha pakamwa, yoti ndiye kuti anakwera basi atagwirira buluku ndi manja. Ndinaimeza. Inali yowawa ngati mankhwala a malungo.

Tsiku lenilenilo linali Lachiwiri, masana dzuwa lili pamutu. Mwana anali kusukulu, anthu a mumsewu mwathu ali kuntchito. Ine ndinali kuyanika zovala kuseri. Mlongo wanga anabwera nthawi yosayenera, atamwa. Ndinamva lamba, monga ndinkamvera masiku ena, ndipo monga masiku enawo ndinapitiriza kuyanika, chifukwa ukalowerera zinkakula. Kenako ndinamva mlamu akukhosomola ngati munthu wogwidwa pakhosi. Kenako chinthu cholemera chinagunda, kamodzi. Nditalowa ndinapeza zitatha, mlongo wanga ali pansi, osapuma. Mlamu anali ataima, simbi ili m'manja, malaya a sukulu a mwana ali patebulo, osita mbali imodzi.

Kuseri kunali dzenje limene mlongo wanga anakumba yekha, akuti adzaikamo thanki ya madzi. Simenti anali atagula kale. Ntchito sankamaliza munthu uja. Tinam'kokera pabulangete, awiriwiri. Dzenje litatsala pang'ono kudzaza, ndinabwerera m'nyumba kukakolopa, ndipo pansi pa kabati ndinapeza lamba ndi zidutswa za wotchi, imene inaphwanyika pamene ankagwa. Ndinaziponya pamwamba, n'kukwirira. Simenti tinakanda tokha, akazi awiri osadziwa muyeso, mchenga wambiri. N'chifukwa chake inasweka. Mwana pobwera kusukulu anapeza azakhali ake akuimba, akumanga khola la nkhuku.

Zonsezi sindinamuuze Mfuko. Ndinayang'ana mpando wa matayala uja, ndi mayi wa mkono umodzi amene sangathe n'komwe kunena kuti anandigwira pakhosi. Ndinaona kuti nkhani ina ikufunika, ndipo wopeka nkhani pakhomo pano ndine.

"Chabwino," ndinatero. "Basi kunalibe. Kondakitala kunalibe. Ndinam'kantha ndine, ndi simbi. Anali mlongo wanga, ndinali ndi ufulu wotopa naye. Mayi ako anali kumsika, sadziwa kanthu. Ukafuna kuitana anthu, itana, andipeza nditavala kale nsapato. Ndamva kuti kundende amadya osatsuka mbale, mwina ndikapumako."

Supuni inalira kawiri.

"Mlamu, khalani chete, ndinu wodwala."

Kawiri.

"Mutu wawo sukuyenda bwino, Mfuko. Dzulo anagogoda kawiri nditawafunsa ngati ndine wokongola."

Kawiri, mwamphamvu, mpaka supuni inatsala pang'ono kuwapulumuka.

Mfuko anadzuka. Anapita pampando paja, anagwada monga amagwadira chiwaya chake chikalira. Anawayang'ana mayi ake nthawi yaitali. M'chipinda munali mdima, kupatula kuwala kwa tochi kuja kogona patebulo, ndipo kunkawagwira mlamu kumaso cham'mbali. Ndinaona kachipsera kapansi pa nsagwada kamene ndinali nditakaiwala. Masana sikaoneka.

"Amayi, munali kumsika?"

Kawiri.

"Ndi azakhali?"

Kawiri.

"Ndinu?"

Supuni inakwera, inaima m'mwamba. Ndinapukusa mutu kumbuyo kwa mwanayo, ndikuwapempha ndi maso. Mlamu sanandiyang'ane. Anagogoda kamodzi, pang'onopang'ono, n'kuika supuni pamiyendo, ngati munthu amene wamaliza kudya.

Patebulo foni inanjenjemera. Anali anzake a pagulu, amene anawalonjeza chithunzi m'mawa. Inanjenjemeranso. Mfuko anabwerera kutebulo, anaitenga, anayang'ana mizere ija, chala chili pafupi ndi potumizira. Kenako anaitembenuza, n'kuigoneka chafufumimba pansalu.

Analowa m'khitchini. Ndinam'tsatira, sindikudziwa chifukwa chake, mwina kuzolowera. Anatsegula katani ya zenera la kuseri.

Dzuwa linali litapendeka, latsala pang'ono kukhudza mpanda. Kuwala kunkabwera chokwawa pabwalo lonse. Pamene panali khola panali posesedwa bwino, matabwa ataunjikidwa pambali, zidutswa za simenti mbali ina, chifukwa mwanayu ntchito amaimaliza. Masana munthu akanati ndi dothi losalala. Koma tsopano mwala uliwonse unali ndi mthunzi wake, ndipo pakati penipeni nthaka inaoneka yolowa pang'ono, ngati matiresi amene munthu wagonapo zaka zambiri. Malire ake anaoneka bwinobwino, mbali zonse zinayi. Kutalika kwake kunali kwa munthu.

Anakuona. Ndinali nditam'phunzitsa ndekha kayang'anidwe kake.

"Zaka zonsezi," anatero, osandiyang'ana, "basi ikaima pasiteji ndimayang'ana otsika. Mpaka lero. Ndimayang'ana pamkono."



Anatsegula chitseko. Fosholo inali itatsamira khoma. Anaigwira, anaiyang'ana, n'kuibwezera. Anatenga chikwama chake cha Loweruka, natulutsamo kafosholo kakang'ono kam'manja ndi burashi yofewa imene amapukutira zinthu zosachedwa kusweka.

"Mutu uli mbali iti?"

Sanati azakhali. Ndinadikira pang'ono, mwina awonjezera. Sanawonjezere.

"Kumpanda," ndinatero. "Uyambire kuno. Nsapato tinam'siya atavala."

Anatsika masitepe. Kumbuyo kwanga supuni inayambanso kugogoda, osati kamodzi, osati kawiri, koma mosalekeza, mmene amachitira akafuna kusunthidwa. Ndinabwerera, ndinamasula mabuleki a mpando, n'kuwakankha mpaka pakhomo la kuseri. Khomolo ndi lopapatiza, mpando sudutsa. Tinaima pomwepo, iwo kutsogolo, ine kumbuyo nditagwira zogwirira, tikuyang'ana mwana wathu akugwada m'mphepete mwa mthunziwo.